Chipata cha Kumadzulo Chidamveka pa Wailesi

Tamworth, 27 Januwale

Okondedwa Amayi ndi Ababa,

Muli bwanji kumeneko? Ine ndili bwino, kungoti mawu andithera, ndikulankhula ngati chule, ndipo mphuno yapsa ndi dzuwa mpaka ikusupuka. Chikondwerero cha nyimbo za kantire chatha dzulo. Lero tauni yonse ili zii, kwangotsala anthu osesa zitini mumsewu wa Peel.

Sabata yonse ndimayimba pamsewu, pakhomo pa sitolo ya nsapato. Kumanja kwanga kunali mkulu wina woyimba vayolini yosachunidwa, kumanzere ana atatu apachibale ovala zipewa zazikulu kuposa mitu yawo. Aliyense amakuwa kuti apose mnzake. Mphoto yaikulu chaka chino yapita kwa Lorna Pike, uja mumamukonda Amayi. Analira mpaka utoto wa m'maso unatsikira kuchibwano.

Tsono nkhani ndi iyi. Lachisanu kunaima bambo wina wamimba yaikulu, nkumvetsera nyimbo ziwiri osaseka, osaomba m'manja. Kenako akuti, "Mtsikana iwe, kwanu nkuti?" Ndinati ku Quilpie, pa famu ya nkhosa. Akuti, "Umatha kubweza lole chammbuyo itakoka ngolo?" Ndinati ndinayamba ndisanamere mano onse. Akuti, "Basi walembedwa ntchito. Kuyimbako tikakuphunzitsa panjira." Amenewo ndi a Merv Dalgleish, eni gulu loyendayenda lija linabwera kwathu ndili kusukulu. Akazi awo, a Dot, amagulitsa matikiti ndi kuyimba piyano. Ndizikayimba kumbuyo kwawo, nyimbo imodzi ndekha, ndi kuyendetsa lole ya zipangizo. Tinyamuka mwezi wamawa.

Ndikudziwa ndinalonjeza kuti ndibwerera pakatha sabata ziwiri. Musandikwiyire. Nditumizireni jombo zanga zofiirira ndi keke yanu ya zipatso ngati yatsalako. Mvula yagwa? Galu wanga Biddy waswa?

Mwana wanu,
Narelle

*

Famu ya Binnalee, Quilpie, 12 Febuluwale

Narelle mwana wanga,

Moni wochokera kuno kufumbi. Tili bwino, ntchafu yanga yokha ndiyo ikuvuta m'mawa. Kalata yako yabwera ndi lole ya makalata Lachiwiri. Ndinawawerengera bambo ako patebulo, iwo maso ali pa mbale. Nditamaliza anandilanda nkukaiwerenganso okha pakhonde, ngati ine ndimawerenga zabodza. Atabwerako anangoti, "Kubweza lole ndinamuphunzitsa ndine." Ndiye usadandaule, kumeneko nkuvomera kwawo.

Ine sindinadabwe. Tsiku limene unanyamula gitala ndi zovala zonse zam'kabati, ndinadziwa kuti sabata ziwirizo nzongotinyengerera. Pita ukaone dziko. Koma uzidya, ndipo anyamata oyimba ng'oma uziwapatsa moni uli patali.

Mvula palibe. Mitambo imabwera madzulo, kutiyang'ana, nkupita kwa ena. Biddy waswa ana asanu, mmodzi ngwopusa ngati bambo wake. Bambo ako masiku ano akumakweza wailesi mpaka makapu kunjenjemera, ati mabatire a masiku ano ndi achabechabe. Ndikawaitana kudzadya amafuna ndiitane katatu ngati mfumu ya ku England.

Jombo ndatumiza. Keke ndaikulunga munyuzipepala, ugawireko a Dot. Undiuze ngati Lorna Pike alidi wamfupi monga amanenera.

Mayi ako,
Noeline

*

Bourke, 21 Epulo

Amayi,

Landirani moni kuchokera m'kalavani, kanyumba kathu kokokedwa ndi galimoto, kotentha ngati uvuni. Pepani ndakhala chete, timagona tauni ina nkudzukira ina. Tadutsa Walgett, Lightning Ridge, Brewarrina, ndipo paliponse holo ndi imodzimodzi: mipando yachitsulo, chithunzi cha Mfumukazi chopendekeka, ndi amayi a mpingo ogulitsa masikono pakhomo. Keke inatha tsiku lomwelo. A Merv akuti akufunsirani ukwati Ababa akakusiyani. Lorna Pike ndi wamfupidi, amandilekeza paphewa.

Chaka chino aliyense akufuna nyimbo za madalaivala a malole. A Merv apeka zitatu, zonse zofanana, ndipo a Dot amawauza pamaso pa anthu kuti, "Merv, iwe lole umaidziwira pampando wa wokwera." Timaseka tsiku lililonse, Amayi. Sindinadziwe kuti ntchito ingakome chonchi.

Pali china. Ndapeka nyimbo yanga. Ndaitcha Chipata cha Kumadzulo. Mukukumbuka chaka cha chilala chachikulu, ndili kamtsikana, tsiku limene Ababa anapita ndi mfuti kukapha nkhosa zimene zinkalephera kuimirira? Munanditsekera m'nyumba, koma ndinatulukira pawindo. Ndinakwera chipata cha kumadzulo nkuona zonse. Ankagwada pa nkhosa iliyonse, kuigwira pamutu, kuilankhula, kenako kuwombera. Atabwera kunyumba anasamba m'manja nthawi yaitali nkupempha tiyi. Nyimboyo ikunena zimenezo basi, sindinawonjezere kanthu.

Ndinaiyimba koyamba kuno Loweruka. Nditamaliza holo inangoti zii, ndinaganiza kuti ndalakwitsa. Kenako mayi wina kutsogolo anayamba kufwenthera m'kampango, anthu nkuwomba m'manja osaleka. A Merv akuti kuyambira lero ndiyo yotsekera.

Ababa musawauze kaye. Ndikufuna aimve okha.

Narelle

*

Binnalee, 19 Meyi

Mwanawe,

Tili moyo, tikukufunira zabwino. Tamaliza kumeta nkhosa, ubweya si woipa poyerekeza ndi chaka chouma chonchi. Ometa anadya ngati dzombe, ndipo mmodzi ankayimba nyimbo za malole zomwezo mpaka ndinafuna kumuthira madzi.

Kalata yako ndinaiwerengera kuchipinda. Zaka zonsezi ine ndimadziwa kuti tsiku limene lija unagona. Ndinakusuzumira, bulangete linali tumbii. Kani unaikamo mapilo! Ukanakhala pafupi ndikanakukoka khutu, kenako ndikanakukumbatira.

Bambo ako za tsiku limenelo sanazitchulepo, ngakhale kwa ine. Sindikukuletsa, nyimbo ndi yako, maso anali ako. Ndangoti udziwe kuti munthu wake ndi wotero. Sindinawauze. Koma Quilpie ndi yaing'ono. Mkazi wa abusa anali ku Bourke kwa mchemwali wake, ndipo wabwerako akuuza aliyense kuti mwana wa a Tuckwell analiza holo yonse.

Kodi mudzafika kuno chaka chino? Uvale juzi, kuzizira kwayamba.

Mayi ako

*

Gympie, 31 Ogasiti

Amayi ndi Ababa okondedwa,

Ndikukhulupirira nonse muli bwino. Ine ndikulemba nditakhala pa bokosi la sipika, matope mpaka m'mawondo. Msonkhano waukulu wa nyimbo wa m'nkhalango muno watha, ndipo mvula imene mukuisowa kumeneko yonse inagwera ife. Anthu masauzande m'matenti, moto paliponse, nyama ikuwotchedwa, aliyense ndi gitala yake. Lole yathu inatitimira, ndinaitulutsa ndine amuna asanu ndi mmodzi akungolangiza.

Zimene ndaona chaka chino sindidzaziiwala. Ku Mount Isa tinayimba pa mpikisano wokwera ng'ombe zolusa, ng'ombe ina nkuthyola mpanda kubwera kudzaima kutsogolo kwa nsanja. A Merv sanasiye kuyimba, anangoivulira chipewa. Ku Longreach magetsi anazima, anthu anayatsa nyali za magalimoto awo pazitseko, tinamaliza popanda masipika. Koma kuno ndiye kwaposa. Anandipatsa nsanja yaikulu masana kuti ndiyimbe Chipata cha Kumadzulo, mvula ikugwa, ndipo pofika pakolasi yachiwiri anthu ankayimba nane. Anaidziwira kuti, ine sindikudziwa.

Mu Julayi tinaima ku Brisbane nkujambula nyimboyo pa kambale kakang'ono. Katuluka sabata ino, ndipo mawailesi akumudzi ayamba kale kuiika. Ndaika kaseti m'phukusili. Ababa, nyimboyi ndi yanu. Muimvere, kenako mundilembere ngakhale mzere umodzi, ngakhale wonena kuti gitala sinachunidwe bwino.

Kwathu sitifika chaka chino, a Merv asintha njira, tilowera kumwera. Ndasowa fungo la khitchini yanu.

Narelle

*

Binnalee, 23 Sepitembala

Narelle,

Moni mwana wanga. Ine ndili bwino. Phukusi lafika, ndipo kasetiyo ndaimvera mpaka ndikuopa kuti idzaduka. Mawu ako akhwima. Pamene umatchula za kusamba m'manja ndimachita kuzima sitovu nkukhala pansi.

Za bambo ako ndikuuza mmene zilili, chifukwa iwe ukanama ndimakudziwa, nanenso ndikanama undidziwa. Ndinaika kaseti titatha kudya. Anakhala, kupendeketsa mutu, nkhope ili gwaa. Isanafike pakati anadzuka nkuti akukaona agalu. Lamlungu nyimbo inamveka pa wailesi, ine kukuwa kuti, "Clarrie, mwana wako uyu!" Iwo kutenga chipewa, ulendo kukhola.

Lachisanu tinapita kutauni. Pa sitolo ya zitsulo anyamata a kwa Hegarty anawakuwira kuti, "A Tuckwell, mwatchuka! Tisainireni pachipewa!" Bambo ako anangodutsa osatembenuka, ngati pakulankhula mitengo. Ine manyazi anandigwira, ndinachita kuwapepesera.

Ndawafunsa kuti kodi nyimboyo yakukhumudwitsani? Akuti, "Mm." Ndafunsanso kuti nanga mumulembera mwana? Akuti, "Mawa kutentha." Ndakhala nawo zaka zambiri bambo amenewa, koma pano andisokoneza. Apatse nthawi. Iwe pitiriza ntchito yako, usaleke kudya chifukwa cha zimenezi.

Mayi ako

*

Mildura, 11 Okutobala

Amayi,

Zikomo pondiuza zoona. Thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Lamlungu lija ndinaimba foni, munamva nokha. Munawapatsa foni, ine nkuti, "Ababa, ndine Narelle, mwaimva nyimbo?" Iwo anangoti, "Chabwino, nawa amayi ako." Ndinatuluka m'kanyumba ka foni ndikulira, a Dot nkundigulira ayisikilimu ngati mwana.

Kuno kuli chikondwerero china, cha oyimba odziimira paokha, m'mphepete mwa mtsinje wa Murray. Malalanje ali mbwee, anthu ndi okoma mtima. Tsiku lililonse wina amabwera kudzandiuza za chilala chake. Dzulo mayi wina wa ku Hay anandigwira dzanja nkuti mwamuna wake anamwalira asananenepo za nkhosa zawo, ndipo nyimbo yanga yamunenera. Ndinasangalala, komanso ndinachita mantha. Ndatenga chinthu chimene Ababa anachikwirira okha nkuchiyanika pa wailesi dziko lonse. Sindinawapemphe nkomwe. Ndinkaganiza kuti ndikuwapatsa mphatso.

A Merv akuti abambo onse ndi otero, awo anamwalira akunenabe kuti kuyimba si ntchito. Koma Ababa sanandiletsepo kuyimba. Ndiwo ankandinyamula paphewa kumadansi a muholo.

Muwafunsenso, chonde. Akanena kuti ndisiye, ndisiya.

Narelle

*

Binnalee, 3 Novembala

Narelle, mwana wanga, khala pansi uwerenge bwino.

Choyamba, mvula yagwa! Yayamba Lachinayi ndipo sinaleke. Mtsinje wa Bulloo ukukwera, achule akusokosa, bambo ako anaima pabwalo osavala chipewa mpaka kunyowa ngati nkhuku.

Chachiwiri ndi ichi. Bambo ako sanakwiye. Bambo ako samva! Ine chitsiru ndakhala nawo nyumba imodzi chaka chonse osazindikira. Dzulo anali patebulo atandifulatira, akukonza tochi. Ndinati, "Clarrie, denga la shedi likudontha." Zii. Ndinayandikira nkunena mokweza ndithu kuti, "Clarrie, hatchi yako ndagulitsa, ndipo ndikukwatiwa ndi a Merv Dalgleish." Iwo osatembenuka akuti, "Shuga masupuni awiri, zikomo."

Ndinazungulira, kuwagwira chibwano kuti andiyang'ane, nkuwafunsa kuti zayamba liti. Anayesa kukana, kenako anagwetsa mapewa. Akuti khutu lakumanzere linatseka kalekale ndi phokoso la thirakitala ndi injini ya kushedi, lakumanja layamba chaka chatha. Akamandiyang'ana pakamwa amatolako mawu, koma wailesi ndi foni amangomva ngati njuchi m'chitini. Nyimbo yako amamva kuti ndiwe, koma mawu ake ayi. Akuti, "Mwana wandipekera nyimbo, tauni yonse ikuidziwa, ine ndekha ndiye sindikudziwa kuti akuti chiyani. Ndikanakhala bwanji pamenepo iwe ukundiyang'ana?"

Ndinawakalipira, kenako tonse tinaseka mpaka misozi. Msewu ukangotseguka ndikuwapititsa ku Toowoomba kwa dokotala wa makutu, afune asafune. Ndinafuna kuwalembera mawu a nyimboyo papepala, akana. Akuti adikira aimve ndi khutu lawo.

Foni yafa, mitengo yake yagwa ndi madzi. Kalatayi ipita lole ikadzatha kuwoloka.

Mayi ako wopusa,
Noeline

*

Tamworth, 22 Novembala

Amayi,

Muli bwanji? Mwezi wapita ndi sabata zingapo osamva kanthu kuchokera kwa inu. Foni ikungolira ngati yaduka. Pa nyuzi akuti kumadzulo kwagwa mvula yambiri, ndiye ndikudziuza kuti ndi msewu. Koma mtima wina ukuti mwawafunsa Ababa, ayankha, ndipo mukusowa poyambira kundiuza.

Ulendo wa chaka chino watha. Tabwerera ku Tamworth, ndikukhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya a Dot, ndipo masana ndikuthandiza pa sitolo yogulitsa zingwe za gitala. Dzulo kwabwera uthenga woti ndili m'gulu la asanu opikisana pa mphoto ya woyimba watsopano mu Januwale. Akufuna ndikayimbe Chipata cha Kumadzulo pa tsiku la mphotolo, pa wailesi ya dziko lonse. A Dot anakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. A Merv anapita kukagula shati yatsopano.

Ine ndaganiza zokana. Ndawauza a Merv kuti nyimboyo sindiyimbanso, ndipo okonza mwambowo ndikawauza kumayambiriro kwa Disembala. A Merv anavula chipewa nkuchiponya pansi. Akuti, "Mtsikana iwe, anthu amayimba mpaka imvi osapeza nyimbo ngati imeneyo!" Ndinati nyimbo ndipeka ina, koma bambo ndili nawo amodzi. Anangotola chipewa chawo.

Musadandaule za ine. Chaka chino chandikomera kuposa zaka zonse, ndipo palibe angandilande zimenezo. Muwauze Ababa kuti ndamva, ndipo ndapepesa.

Narelle

*

Toowoomba, 1 Disembala

Narelle,

Ndine bambo ako. Ndili bwino. Msewu unatseguka sabata yatha. Kalata yako ya pa 22 tinakumana nayo ku positi ofesi ya ku Quilpie tikubwera kuno, ndipo ya amayi ako inali ikadali m'thumba la makalata momwemo, ndiye mwina ifika limodzi ndi yangayi. Uyambe kuwerenga yawo, ndi yaitali, ikufotokoza zonse. Ine ndingonena zanga.

Andiika kachipangizo m'khutu. Dziko lili ndi phokoso kwambiri. Sindinkadziwa kuti amayi ako amalankhula chonchi tsiku lonse.

Titatuluka kwa dokotala ndinawasiya amayi ako m'sitolo ya nsalu, ine nkukakhala m'galimoto ndi kaseti yako. Ndaimva yonse. Ndinaibwereza.

Sindinkadziwa kuti unali pachipata tsiku lija. Ndikanadziwa ndikanakubweza, ndipo mwina ukanalawa lamba. Koma unaona bwino. Chimodzi chokha walakwitsa. Ukuti ndinkalankhula ndi nkhosa mawu otonthoza. Ayi. Ndinkatukwana mitambo, mawu amene sungawayimbe pa wailesi. Koma usasinthe, zako zikumveka bwino kuposa zanga.

Zoti ukukana kukayimba sindikufuna kuzimva, ndipo tsopano ndimamva. Nkhosa zija zinali zabwino. Palibe anazilira kupatula ine, ndipo ndinkaganiza kuti zinathera pamenepo. Pita ukayimbe. Auze a Merv asabweze shati.

Gitala inachunidwa bwino.

Bambo ako,
C. Tuckwell

*

Tamworth, 9 Disembala

Ababa ndi Amayi,

Makalata onse awiri afika tsiku limodzi! Ndinayamba ndi yanu Ababa, sindinamvere malangizo. Ndinawerengera pasitolo, kasitomala akudikira zingwe zake, ine ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi mpaka munthuyo anafunsa ngati kwagwa maliro kapena ukwati. Amayi, nkhani ya hatchi ndi ukwati ija ndawauza a Merv. Akuti iwo anali okonzeka.

Okonza mwambo ndinali ndisanawauze, Mulungu ndi wabwino. Ndiyimba.

Tsono ndikupempha chinthu chimodzi. Bwerani mu Januwale. A Dot akuti chipinda chilipo. Ndikudziwa kuti msipu ukamera chonchi ntchentche zimavutitsa nkhosa ndipo wina ayenera kutsala, koma yesetsani. Khirisimasi ndidyera kuno, tili ndi madansi mpaka chaka chatsopano.

Ababa, mawu amene munkauza mitambo aja mudzandinong'oneze. Ndikufuna ndidziwe.

Narelle wanu

*

Tamworth, 26 Januwale

Noeline,

Ndafika bwino, ndipo ndili bwino. Ndikukhulupirira ntchafu ikukulola kuyenda ndipo nkhosa sizikukuvutitsa. Unachita bwino kundikakamiza kuti ndibwere ine, ngakhale ndinakana mpaka pa basi. Unati ndikulembere zonse. Ndiyesa, koma ukudziwa kuti cholembera chimanditopetsa kuposa fosholo.

Mwana ali bwino. Wanenepako. Anandidikira pa siteshoni atavala jombo zofiirira zija, ndipo anandikumbatira pamaso pa anthu mpaka chipewa chinagwa. A Dot ndi mayi wabwino, amaphika nyama mopsereza. A Merv amalankhula kuposa iwe. Anandionetsa lole yawo, mabuleki ake ndi oopsa, ndawakonzera.

Tauni ino sabata imeneyi ndi misala. Pakhomo lililonse pali munthu ndi gitala, ena odziwa, ambiri osadziwa. Ubwino wa kachipangizoka ndi woti kali ndi pozimitsira. Lorna Pike wako ndinamuona akudya chitumbuwa cha nyama pamsewu ngati munthu wamba. Ndinamuuza kuti mkazi wanga amakukondani, nkundilembera dzina lake pa kapepala. Ndikubweretsera.

Mphoto mwana sanapate, unamva kale pa wailesi. Anapatsa mnyamata wa ku Tasmania woyimba za sitima. Amayimba bwino, sindinganame. Narelle anamuwombera m'manja kuposa aliyense, ndipo pambuyo pake ankaseka, akuti chikho chikanangomulemera m'kalavani. A Merv ndiwo anakhumudwa, shati ija inanyowa ndi thukuta pachabe. Anthu awiri amakampani ojambula nyimbo amupatsa kale makadi awo, ndipo chaka chino dzina lake lilembedwa pa lole pansi pa la a Merv.

Tsono za nyimbo. Ndinakana kukhala kutsogolo kumene anandisungira malo, ndinakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Anatuluka yekha ndi gitala, kamunthu kakang'ono pa nsanja yaikulu ija. Holo yonse inakhala chete, moti ndinagwira khutu kuona ngati kachipangizo kazima. Ndinamva liwu lililonse, Noeline. Sindikuuza zambiri, udzandifunse ndikabwera, mwina ndidzayankha.

Pafupi nane panakhala mkulu wina wa msinkhu wanga, manja ake ngati anga, khosi lopsa ndi dzuwa. Sitinkadziwana. Nyimbo yonse anaimvera chipewa chili pa bondo lake. Itatha anapukuta kumaso ndi mkono, nkundigunda ndi chigongono. Akuti, "Achimwene, mtsikana ameneyu sindimudziwa, ine ndine wa ku Wilcannia. Koma munthu amene akumuyimbayu ndine. Zimenezi zinachitika pa famu yanga, ndi mfuti yanga. Anaziona bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze kuti mtsikanayo ndi mwana wanga. Kenako ndinayang'ana m'holo muja, mitu ya imvi ili mbuu, ambiri atawerama ngati iyeyo. Ndinangoti, "Ndinudi, achimwene. Wakuonani bwino."

Tinapita kukamwa mowa umodzi. Dzina lake ndi Athol, ali ndi nkhosa zamtundu wathu womwewu, ndipo mvula kwawonso yagwa. Mpaka tinasiyana sanadziwe kuti ndine ndani.

Ndinyamuka Lachinayi. Usadzandichingamire, ndikwera lole ya makalata.

Mwamuna wako,
Clarrie